Mawu Oitanira Mdzukulu

Lachiwiri, 24 Seputembala

Tsiku loyamba kusukulu ya akuluakulu. Zaka 63, ine pakampando ka ana, mawondo kugunda tebulo. Manja akununkhabe viniga wa maolivi ngakhale ndinasamba kawiri nditatseka pamsika.

Mphunzitsi ndi Moira, mayi wa ku Ireland amene wakhalitsa kuno ku Lorca. Wamtali, imvi mbuu, nsapato zachimuna. Dzina langa analitchula bwino, Encarna, osalikhotetsa. Kenako anafunsa aliyense chimene akufunira Chingerezi. Achinyamata: ntchito, ntchito, ntchito. Eusebio, uja ankayendetsa takisi, akuti akufuna kumacheza ndi akazi amasiye a ku England amene adzaza kunyanjaku. Kalasi yonse phwete. Itafika nthawi yanga ndinangoti, "Ndili ndi mdzukulu." Zinazo ndinazisunga.

Ndizilembe pano, poti pepala silindiyang'ana kumaso. Isidro wanga anapita ku England kukagwira ntchito ya unamwino. Anakwatira Kirsty, anabereka Poppy. Galimoto inamugunda ali panjinga, akuchokera kuntchito. Mu Febuluwale zikwana zaka ziwiri chimwalirireni. Ndiye ankatimasulira tonse, uku ndi uku. Pano Lamlungu lililonse foni yoonana nkhope: Kirsty kumwetulira, ine kumwetulira, mwana maso kumbali. Wakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi. Timawu tathu timene ankadziwa tinauma kalekale.

Mwamuna wanga Ginés sanafunse kuti zayenda bwanji. Anali padenga ndi nkhunda zake mpaka chakudya kuzizira.

Lachinayi, 3 Okutobala

Lero za malonje a m'kalata. Ndinapita ndi khadi limene Kirsty anatumiza mu Ogasiti, patsiku lobadwa la Isidro. Pamwamba pake: Dear Encarna. Foni inandiuza kuti mawuwo akutanthauza wokondedwa. Chilandirireni khadilo limakhala m'chikwama, ndipo pamsika pakapanda anthu ndimalitulutsa. Wokondedwa Encarna. Ndinkati mwina ndipemphe Moira aliwerenge mokweza, ndimve mmene limamvekera.

Moira analemba mawu omwewo pabolodi. Akuti amalembera aliyense. Abanki, a magetsi, mwininyumba amene mukukangana naye. Eusebio: "Ndiye kuti a msonkho nawonso ndi okondedwa anga? Mayo ine, chikondi chodula!"

Ndinaseka nawo. Khadi silinatuluke.

Pobwera ndinadzera njira yaitali. Anthu olembera wa msonkho kuti wokondedwa, abale awo amawasungira chiyani? Kapena alipo mawu ena obisika, a m'nyumba mokhamokha, amene mlendo sawamva. Isidro ankawadziwa. Sindinamufunsepo.

Lamlungu, 6 Okutobala

Ndinakonzeka sabata yonse. Moni, uli bwanji. Ndinanena bwinobwino, ndikukhulupirira. Poppy anayankha liwu limodzi, nkuthawa. Ndinatsala ndi denga la nyumba yawo, kenako nkhope ya Kirsty. Waonda. Anandiloza, nkuwomba m'manja pang'onopang'ono, kuyamikira Chingerezi changa. Ndinamuloza, nkuyerekeza kudya. Tinaseka. Basi, nkhani zatha.

Ginés anangokweza dzanja ali pakhomo, ngati akuimitsa basi.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Kalasi ya lero ndiye ayi. Mawu oitanira munthu amene umamukonda. Honey, ndiye kuti uchi. Sweetheart, mtima wotsekemera. Darling, Moira akuti amakonda kunena ndi azimayi achikulire ovala ndolo zazikulu. Love, chikondi, chikondi chenichenicho. Kenako pumpkin. Dzungu! Ndinafunsa kawiri, kuganiza kuti sindinamve. Akuti inde, mwana wamng'ono amamutcha dzungu, mwanayo nkumasangalala.

Eusebio anati mayi ake akanamutcha dzungu akanathawa pakhomo. Moira sanagonje: "Inu mumatcha khanda chonenepa changa, mwamuna wa dazi mumamutcha mfumu yanga. Musandiuze zambiri." Zoona. Ine ndemwe pamsika aliyense ndi moyo wanga, ngakhale wondikwiyitsa.

Vuto ndi uchi uja. Chilembo choyamba cha honey chimandituluka ngati ndikuchotsa makhololo. Moira akuti ndingopuma, ngati ndikupumira pagalasi kuti ndilipukute. Ndayesera pagalasi la kubafa mpaka lachita nthunzi. Ginés anagogoda kufunsa ngati ndadwala.

Lamlungu, 20 Okutobala

Dzungu lagwira ntchito!

Ndinachita mantha ndi uchi, ndiye ndinangoti, "Hello, pumpkin." Mwana anaima. Anandiyang'ana, kundiyang'ana kwenikweni, koyamba chichokereni kumaliro. Kenako kuseka mpaka kugwa pampando. Anathamanga, ndinati basi wapita. Anabwera atanyamula dzungu lenileni, lalikulu kuposa mutu wake, lobooledwa maso ndi mano. Analiika kutsogolo kwa foni, nkumalilankhulitsa ndi mawu aakulu. Sindinamve kanthu. Ndinayankha m'chilankhulo chathu, dzungu nkuyankhanso. Tinacheza choncho mpaka foni inatentha m'manja.

Dzino lake lakutsogolo lachoka. Anandionetsa mpata, lilime mkati.

Ginés anasendera mpaka kumbuyo kwa mpando wanga. Ndinkamva kupuma kwake. Foni itaduka anati, "Makutu a Isidro." Nkukwera padenga.

Ndaphika mpunga wa kalulu ngati kuli phwando.

Lachisanu, 1 Novembala

Tsiku la Oyera Onse, lokumbukira akufa. Tauni yonse kumanda, ndowa ndi maluwa. Ndinatsuka pa amayi ndi abambo, ndinathandiza mnzanga wa pamsika kutsuka pa mwamuna wake. Aliyense ali ndi pogwada. Wanga ali kutali, pansi pa udzu wonyowa, pakati pa mayina amene sinditha kuwatchula.

Madzulo foni kulira. Chithunzi kuchokera kwa Kirsty. Manda a Isidro, osesedwa, maluwa oyera, kandulo m'botolo. Kwawoko alibe mwambo umenewu. Wakumbukira yekha, wapita pamvula.

Ndinafuna kumulembera zambiri. Kuti mwana wanga, Mulungu akusunge, kuti ndaona kuti mwala waupukuta. Zonse zinatsekeka. Ndinalemba zikomo yekha, m'Chingerezi, ndi kamtima kofiira. Munthu wamkulu ngati ine, kulankhula ndi timitima.

Lamlungu, 10 Novembala

Poppy akundionetsa chithunzi chimene wajambula. Kavalo kapena galu. Kumbuyo chitseko kutseguka, mawu a mwamuna. Analankhula mofulumira, sindinagwire kanthu, koma liwu lomaliza ndinalimva bwino lomwe. Love.

Kirsty nkhope psuu. Foni inapendekeka, ndinaona kapeti ndi nsapato zazikulu zakuda. Kenako akuti tsalani bwino, tsalani bwino, mwamsangamsanga.

Ginés sanamve kanthu. Anafunsa kuti bwanji yaduka msanga. Ndinati batire.

Mwezi wathawu mawu amenewo akanangondidutsa ngati mphepo. Ndinapita ndekha kusukulu, ndi miyendo yanga, kukaphunzira chondibaya.

Lachiwiri, 12 Novembala

Ndinadikira onse atuluke. Ndinafunsa Moira ngati mwamuna angaitane mkazi choncho popanda kanthu pakati pawo. Akuti kumpoto kwa England kumene amakhala Kirsty amanena kwa aliyense: woyendetsa basi, wogulitsa nsomba, pulambala wodzakonza mpope. Ngati mmene ine ndimanenera moyo wanga pamsika.

Ndinati, "Pulambala Lamlungu masana, wolowa osagogoda?"

Anayamba kulongedza mabuku. Kenako anati, "Encarna, ine ndimaphunzitsa mawu. Amene wawanena, ndi mtima umene wanenera, funsa mwiniwake."

Ndimufunse ndi pakamwa pati?

Lolemba, 18 Novembala

Sindinafunse. Kirsty walemba yekha. Uthenga wautali, usiku wathawu. Ndauwerenga m'mawa ndi foni yomasulira, mzere ndi mzere, nditakhala pandowa kuseri kwa migolo ya maolivi.

Mwamuna uja dzina lake Dean. Amaphunzitsa ana kusambira, Poppy anali m'kalasi mwake. Ali pachibwenzi chiyambireni chilimwe. Akuti ankaopa kutiuza. Akuti Isidro sadzachoka m'nyumba mwawo, zithunzi zake zili pomwe zinali. Akuti tisamude. Pamwamba Dear uja wa a msonkho. Pansi, dzina lake lisanabwere, Love. Liwu lomwelo. Kwa ine, kwa iye, kwa wogulitsa nsomba. Kaya.

Ndinalakwitsa chenji kawiri. Mayi wina ndinamuthirira maolivi a adyo pomwe anafuna osawawa.

Ndamuuza Ginés pachakudya. Anatafuna nthawi yaitali. Kenako: "Ndiye mwananso wapita. Chaka chamawa azidzati bambo kwa mlendo." Anasiya mbale, nkukwera.

Kirsty ndi mkazi wa zaka 34. Ndikudziwa. Mutu ukudziwa. Koma mbali ya bedi imene ankagona mwana wanga.

Lachinayi, 5 Disembala

Sindinalembe. Sindinapitenso kusukulu. Foni yalira Malamlungu awiri, ine kuiyang'ana mpaka kusiya yokha. Ndinkapukuta chitofu choyera kale.

Dzulo Eusebio anatulukira pamsika, akuti akufuna maolivi osweka. Anagula, osachoka. Akuti Moira amafunsa, akuti mpando wanga waung'ono ukundisowa. Sindikudziwa chinandigwira nchiyani, ndinamuuza zonse, pamaso pa wogulitsa tchizi. Ndinkayembekezera nthabwala. Anavula chipewa, nkuchitembenuza m'manja. Anati, "Mkazi wanga atamwalira ndinkaganiza kuti akundiyang'ana ndikaseka ndi munthu. Bodza. Wakufa sachita nsanje, Encarna. Nsanje ndi yathu otsalafe, timangomubwerekera dzina." Za akazi amasiye a kunyanja akuti sanalankhulepo ndi mmodzi yemwe. Amabwera kusukulu chifukwa kunyumba kuli zii.

Ndinamuonjezera supuni ina yaulere kuti achoke.

Lero masana uthenga wa mawu pa nambala ya Kirsty. Ndinauopa mpaka kutseka msika. Si Kirsty. Kamawu kakang'ono, kothamanga, kopumira m'foni. Ndamvetsera kambirimbiri. Ndagwira mawu awiri okha: dzungu, ndi Lamlungu. Kumapeto mawu anakwera ngati funso.

Mwana walakwa chiyani?

Lachiwiri, 10 Disembala

Ndabwerera. Moira sanafunse kanthu, anangondipatsa pepala. Ndinamuuza kuti ndikufuna kulemba kalata yeniyeni, yapamanja, yowaitana kuti abwere ku chikondwerero cha Mafumu Atatu, pa 5 Januwale, tsiku limene mafumuwo amadutsa mumsewu. Mwana adzaone ngamira ndi maswiti ogwa ngati matalala, monga ankaonera bambo ake.

Ndinafunsa kuti Dear uja ndimuchite bwanji kuti asakhale wa a magetsi. Akuti nkosavuta. Uike kaliwu kamodzi kutsogolo, my. Wanga. Zimenezo wa msonkho salandira.

Kaliwu ka zilembo ziwiri, ndakhala nako madzulo onse patebulo la kukhitchini. Ginés anasuzumira, anafunsa tanthauzo. Nditamuuza anati, "Wako chani? Ndi wa eni ake tsopano." Ndinapsa mtima, sindinadziwe kuti ndili nawo wotere. Ndinati, "Anamutseka maso ndani, ife tili kuno tikufunafuna ndege? Amakasesa pamanda ndani, iwe?" Sanakwerenso padenga. Anakhala pampando, manja pamawondo, ine ndikulemba.

My dear Kirsty. Chilembo cha y chinatuluka ngati mbedza.

Za Dean: sindinamuitane. Chaka chino sindingathe. Ndinalemba kuti amupatse moni, ndinafufuta, ndinalembanso. Papepala paoneka chilonda. Otsekera kalata, Moira anali atandipatsa mawu atatu oti ndisankhepo. Ndinatenga Love yemweyo. Ngati ndi wa aliyense, ndi wanganso.

Ndaijambula ndi foni nkutumiza, kuopa kuti mawa ndisintha maganizo. Yapepala ipita m'mawa.

Lamlungu, 15 Disembala

Ndinaimba ndine. Kirsty anayankha kusanalire kawiri. Anayamba kulankhula, nkulephera, nkuphimba pakamwa. Ine chimodzimodzi. Akazi awiri kulira pafoni, mwana pakati kutiyang'ana ngati amisala. Kenako Kirsty anaonetsa zala zitatu, nkunena Januwale m'chilankhulo chathu, mokhota koma momveka.

Akubwera pa 3 Januwale. Awiri.

Poppy sanandikhululukire msanga. Anapinda manja, milomo kutsogolo. Moira anandiphunzitsa pepani, ndinanena. Anaganiza kaye, nkundionetsa dzino latsopano likutuluka.

Chipinda cha Isidro. Ndatsegula mawindo. Zikho zake za mpira sindikudziwa ngati ndichotse kapena ndisiye. Ndasiya.

Loweruka, 4 Januwale

Anafika dzulo. Pabwalo la ndege Chingerezi chonse chinandithawa, miyezi itatu ya Moira, fuu. Ndinangomukumbatira Kirsty, mafupa okhaokha mkati mwa chijasi. Ginés anamugwira chanza ngati wabanki.

Poppy ndi wamng'ono kusiyana ndi pafoni. Pafoni ndi wolimba mtima, pano ali kuseri kwa mwendo wa mayi ake. Ndayesa onse amene ndinaphunzira. Uchi, mtima wotsekemera, ngakhale uja wa azimayi a ndolo. Amamwetulira mwaulemu ngati mlendo wa kutchalitchi. Dzungu linamuseketsa pang'ono, koma nthabwala ikakalamba imakalamba.

Akuopa Ginés. Ndi nsidze zakezo, ndani sangaope. Iyenso akumuopa mwanayo, akumuzungulira patali ngati mbale yosweka.

Kirsty wadya maolivi anga asanu, ndikudziwa kuti sawakonda. Anaima nthawi yaitali pakhomo la chipinda cha Isidro, chikwama m'manja, asanalowe. Sindinamutsatire.

Kodi ndimayembekezera chiyani? Kuti mwana andithamangire?

Lamlungu, 5 Januwale

Ndilembe msanga ndisanaiwale mmene zinayendera.

Pachakudya chamasana. Msuzi wa nyama, aliyense maso m'mbale. Kirsty anaika supuni, anatenga foni, analemba, nkundipatsa kuti ndiwerenge. Akuti pali liwu limene Isidro ankamuitanira Poppy. Pomudzutsa, pomuveka, pomunyamula. Iye sanafunsepo tanthauzo, ankati nthawi ilipo. Walifufuza pafoni m'malembedwe onse, palibe. Mwana amafunsa, iye alibe yankho. Mwina ine ndikulidziwa.

Ndinati alinene. Anachita manyazi, anagwedeza mwana paphewa. Poppy anayang'ana m'mbale, nkunena motsitsa: "Cachico."

Bwinobwino, ngati wobadwira mumsewu uno.

Kachidutswa. Kachidutswa kanga, kobenthuka kwa ine. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma si liwu langa. Ine Isidro ndinkamuti mfumu yanga. Cachico ankanena ndi Ginés, mwanayo ali wamng'ono, pomukweza paphewa kupita naye kumpira. Anasiya Isidro atayamba kumera ndevu. Ine ndinali nditaiwala. Sindinadziwe kuti mwana wathu analinyamula mpaka kutsidya kwa nyanja, nkumalinena m'mawa uliwonse m'nyumba ya eni.

Ginés anaimirira, mpando kukhuluka. Analowa kubafa, anatseka. Madzi kutsegulidwa mwamphamvu. Kirsty anayera nkhope, kufunsa ndi maso ngati walakwitsa. Ndinamugwira dzanja. Ndinabenthula buledi, kachidutswa kakang'ono, ndinamuonetsa, ndinaloza pachifuwa panga, ndinaloza mwana. Anamva. Anamuuza Poppy m'chilankhulo chawo. Poppy anatenga kabuledi kaja, anakayang'ana, anakadya.

Madzi anatseka. Ginés anatuluka nkhope yonyowa, maso ofiira, atavala kale jasi. Sanayang'ane aliyense wa ife akuluakulu. Anaima pakhomo nkunena ndi mawu ake okalipa aja, "Tichedwa, malo abwino atha. Cachico, nsapato."

Palibe anamasulira. Mwana anatsika pampando, nkupita kukatenga nsapato.

Ginés wagwada, ndi bondo lake lovutalo, akumumanga zingwe. Akumuuza kuti Mfumu yachitatu ndiyo imaponya maswiti ambiri, aime kumanzere, atsegule thumba kwambiri. Poppy akuyankha zake m'Chingerezi. Aliyense zake, onse akugwedeza mutu.

Kirsty ali pasinki akutsuka mbale zanga. Mlendo satsuka mbale. Ndinapita kuti ndimuletse, ndinafika pambuyo pake, ndinatenga kansalu nkuyamba kupukuta. Ndabwera kuchipinda kudzatenga mpango, ndi pomwe ndikulemba izi choimirira.

Ng'oma zayamba kumunsi kwa msewu. Ginés akukuwa kuti akazi inu. Mwana alibe chipewa, kunja kukuzizira, ndipo cha Isidro chaubweya chija sindikukumbuka ngati chili m'kabati kapena...